A Trifon Achedwetsa Gule

A Trifon Vulev a m'mudzi wa Dolna Leska ankadziwa zinthu ziwiri basi: kukonza mathirakitala ndi kutsogolera gule. Mathirakitala anawasiya pamene boma lakale linagwa, makina onse n'kugulitsidwa ngati zitsulo zakutha. Koma pa gule ndiye anakanirirapo. Lamulungu lililonse masana ankatsegula nyumba ya misonkhano, kusesa, kukankhira mipando kukhoma, n'kuima pakhomo ndi kampango koyera m'manja. Akazi awo anamwalira kale, mwana wawo mmodzi yekhayo, Ralitsa, akusamalira nkhalamba za eni ake ku Spain. Masiku enawo a sabata a Trifon ankayankhula ndi nkhuku, ndipo nkhukuzo sizinkawamvera.

Gule wa horo amavina mogwirana manja, wakutsogolo akuzunguliza kampango. Koma sungangodumphira kutsogolo ngati mbuzi. Uyambe wapita kwa woimba, umupanikizire kandalama pa akodiyoni, chida chake choimbira chokoka ndi kukankha, ndiye nyimboyo yakhala yako. A Trifon anachita zimenezi kwa a Stoimen, woimba wa m'mudzimo, kuyambira onse awiri ali ndi tsitsi mpaka onse awiri dazi litawala. Ndiye chaka china, nyengo yothyola mphesa, a Stoimen anagona masana osadzukanso. Akodiyoni inapita ndi adzukulu kumzinda, komwe akuti ikukongoletsa pamwamba pa kabati.

Maliro atatha, a Trifon anatulutsa kompyuta yomwe Ralitsa anasiya kuti azionerana nkhope. Anamva kusitolo kuti pa intaneti nyimbo ndi zaulere ngati mphepo, ungodina basi. Anadinadi, ndi chala chawo chokhuthala ngati sipanala, paliponse pomwe panaoneka batani lalikulu lowala. Lamulungu analumikiza masipika akale, anthu anagwirana manja, iwo n'kutsegula kompyuta monyadira. Nyimbo sinamveke. M'malo mwake munatuluka zithunzi za atsikana omwe zovala zinawathera, akatseka chimodzi, kutseguka zitatu.

Mayi Gergina, amasiye a pafupi ndi chigayo, omwe kwa zaka zambiri ankavina atagwira dzanja lamanzere la a Trifon, anavala magalasi awo n'kusendera pafupi.

"Achimwene Trifon, ndiye oimba ake ndi amenewa? Nanga akodiyoniyo aibisa pati?"

Nkhaniyi inayenda mudzi wonse, ngakhale mudziwo sunalinso wautali kuuyenda. Kompyuta inakwera basi kupita kutauni kukachotsedwa tizilombo towononga makompyuta. Mayi wokonzayo sanaseke kwambiri. Anawauza kuti masamba aulere aja ndi a akuba, amaba kwa oimba kenako n'kubanso kwa iwe, ndipo kuti oimba ambiri ali ndi tsamba lawolawo komwe umagula nyimbo n'kuitsitsa mu kompyuta popanda vuto. A Trifon atamva zoti ndalamayo imakafika kwa woimba, nkhope inawala. Zimenezo ndiye ankazidziwa. Anati m'moyo mwawo sanatsogolerepo gule wakuba, ndipo mwina n'chifukwa chake makinawo anawayalutsa. Anagula horo yakwawo yeniyeni, yoimbidwa ndi gulu la anyamata a mumzinda wa Plovdiv, ya akodiyoni, chitoliro ndi ng'oma.

Nyimbo inali yoyera ngati madzi a pakasupe. Koma itangoyamba, mzere wonse unasokonekera. A Kuzman anataya ndodo, mayi Velika anagwira pamtima, ndipo isanafike n'pakati pomwe, nkhalamba zonse zinali pamipando zikupuma ngati agalu a kosaka. A Trifon anaumirira kuti anyamatawo akuthamanga dala. Patapita masiku ali okha kukhitchini, akumvetsera mobwereza, ndi pomwe anazindikira. Anyamatawo ankaimba mmene horo imayenera kuimbidwira, mmene iwo ankavinira ali anyamata. Anali a Stoimen omwe ankayang'ana mapazi a anthu pansi pa akodiyoni, chaka ndi chaka n'kumachepetsa liwiro pang'onopang'ono, osauza munthu. Mudzi wonse unakalamba osadziwa, ukudzitama kuti ukadali ndi miyendo.

Anabwereranso kwa mayi wokonza uja. Iye anawaikira pulogalamu yokonzera mawu, yaulere koma yololedwa, yomwe imaonetsa nyimbo ngati minga ya nsomba yaitali. Ulendo woyamba a Trifon anadina batani lolakwika, chitoliro chinalira ngati ng'ombe yomwe yamizidwa m'matope. Anadzapeza lina lomwe limachedwetsa nyimbo koma mawu osagwa. Anatsitsa liwiro, anayeseza okha pakati pa mbaula ndi tebulo, anatsitsanso. Lamulungu lotsatira anthu anavina mpaka kumapeto, n'kumati oimba a ku Plovdiv aja tsopano aphunzira ulemu.

Koma batani silichedwetsa zonse. Kuno munthu akamwalira gule amaima mpaka masiku olira atatha, ndipo m'mudzi wa nkhalamba zokhazokha masiku olira amalumikizana ngati mikanda. A Kuzman anapita. Mayi Velika anatengedwa ndi ana. Ena mawondo anawakana. Pofika chaka chachitatu, horo ya Dolna Leska inali anthu awiri: a Trifon kutsogolo ndi kampango kawo, mayi Gergina kumbuyo, omwe analinso pakati, analinso kumapeto.

Nawonso mayi Gergina anali ndi mwana wamwamuna kumzinda wa Varna, Asen, yemwe ankaimba foni sabata iliyonse kuti mayi asamukire kwa iye chisanu chisanayambe. Mayiyo anamuyankha kamodzi, a Trifon akumva, kuti adzapita tsiku lomwe miyendo idzakane horo, osati lisanafike. Mawu amenewo a Trifon anawasunga ngati nyama ya m'nyengo yozizira. Akapita mayi Gergina, mudzi wa kumtunda kwa mlatho ukhala wa iwo okha ndi nkhuku.

Ndiye anayamba kuba, mkulu yemwe ankadzitama kuti sadya zakuba. Akaona mayiyo akukoka mwendo wakumanja, Lolemba ankakhala pa kompyuta n'kuchotsako liwiro pang'ono. Akaona akupumira m'mwamba, ankachotsanso. Sabata ndi sabata ng'oma inkachedwerachedwera mpaka munthu ukanatha kumeza chitumbuwa cha banitsa pakati pa kugunda kuwiri. Akamaliza kuvina ankawayamikira kuti lero ndiye mwapepuka ngati mtsikana, iwo n'kuyankha kuti pakamwa pa a Trifon panayamba kunama asanamere mano.

Lamulungu lina la mwezi wa Okutobala, kunja kukununkhira tsabola wowotcha, mayi Gergina anaima pakati pa gule n'kusiya dzanja. Chitoliro chinali chitagwira mawu amodzi, chikungopitirira osapuma.

"Mnyamata wa chitoliroyu ali ndi mapapo angati?"

A Trifon anati anyamata amakono amadya bwino. Mayiyo sanaseke. Anati malemu amuna awo ankaliza chitoliro kuubusa, ndipo palibe munthu wobadwa mwa mkazi amene angakoke mpweya utali umenewo. Anayang'ana kompyuta, anayang'ana a Trifon, omwe panthawiyo anali atapeza chinachake chofunika kwambiri pa nsapato zawo.

"Ikani mmene munaigulira, achimwene."

"Imeneyo inasowa, mayi. Makinawa amadya zinthu."

"Trifon. Ikani."

Chibadwire mayiyo anali asanawaitanepo dzina lokhalokha chonchi. A Trifon anapita pa kompyuta. Munali nyimbo yomweyo kambirimbiri, ina pansi pa inzake, iliyonse yochedwa kuposa ya pamwamba pake. Anakwera mpaka pamwamba penipeni n'kudina.

Ng'oma inalowa ngati kavalo wothawa m'khola. Mayi Gergina anagwira dzanja la a Trifon, anakweza mutu, anaponya phazi. Loyamba linagwa pake. Lachiwiri linachedwa. Pomwe ankaponya lachitatu nyimbo inali itapita kale patali, ikuseka kutsogolo ndi anyamata ake. Anayesanso kuyambira pamene ng'oma inabwerera, koma mwendo wakumanja unangoima ngati si wawo. Anasiya dzanja, anapita pampando wa kukhoma, anakhala. A Trifon anafuna kuzimitsa, mayiyo anakweza chala kuti isiyeni. Anamvetsera yonse mpaka kumapeto, chala chikugunda pa bondo, osaphonya ngakhale pamodzi.

Itatha anati ndi yokoma, imeneyi ndiye horo, ndipo anavinadi chonchi pa ukwati wawo ndi malemu amuna awo mpaka chidendene cha nsapato chinathyoka. Sanakalipe. Anangofunsa kuti miyendo inawakana liti kwenikweni. A Trifon anati sakukumbuka bwino, mwina chaka chatha nthawi yothyola zipatso za matcheri. Mayiyo anagwedeza mutu, n'kunena kuti ndiye kuti Asen wadikira chaka chonse pachabe.

Galimoto ya Asen inabwera Loweruka. A Trifon anathandiza kunyamula mabotolo a tsabola ndi makina osokera, akudandaula kuti mayiyu akusamuka ndi mudzi wonse. Mayi Gergina anawasiyira mphaka, ati kuti apeze wina womunamiza. Pokwera anawagwira dzanja lamanzere kanthawi, n'kulowa.

Lamulungu a Trifon anatsegulabe nyumba ya misonkhano. Anayesa kuvina okha, dzanja lamanzere litatambasulidwa kumbali, koma atadziona pagalasi la zenera anaona mkulu wooneka ngati akuimitsa basi, ndipo anatsitsa dzanjalo msanga. Anakoka mpando n'kuuika pakhomo, anatembenuza sipika kuti iyang'ane kumsewu, anaika yothamanga ija. Mumsewu munalibe munthu. Utsi unkatuluka pa nyumba imodzi yokha kutsidya kwa mlatho. Mphaka anabwera, ananunkhiza waya wa sipika, n'kugona pa phazi lawo, ndipo a Trifon analeka kuligwedeza kuti asamudzutse.