Agogo Anali Kuseri kwa Njinga Zamoto

Ndikukumbukira Lamulungu lina la nyengo yozizira ku Lewisham mu mzinda wa London, ndili kamtsikana ka ku pulayimale, pamene nyumba yathu ya pamwamba pa shopu ya nyama inadzaza mpaka ena kukhala pamasitepe. Agogo aamuna, bambo awo a amayi, anali atamwalira ku Ntcheu, ndipo amayi sanapite kumaliro. Pasipoti yawo inali ku ofesi yoona za anthu obwera, ikudikira chidindo, moti akanachoka, ntchito yawo ya unamwino ikanathera pomwepo. Analira tsiku limodzi, m'mawa mwake n'kuvala yunifolomu. Kuyambira pamenepo anangouma. Ankaphika, ankachapa, koma ukawalankhula ankayankha ngati ali m'chipinda china, ndipo ine ndinkachita nawo mantha.

Masiku amenewo, namfedwa akalephera kupita kumudzi ankamutumizira tepi ya vidiyo. Abale ankapeza munthu wa kamera kuti ajambule mwambo wonse, tepiyo n'kupatsira aliyense wobwera ku London. Ikafika, anthu ankasonkhana kudzaonera limodzi ndi namfedwayo, azimayi atamanga zitenje pamwamba pa mathalauzi, ngati kusiwa kwenikweni. Yathu inabwera ndi mayi wina wa ku Wembley, itakulungidwa m'nyuzipepala.

Vuto linali makina oonetsera. Aliyense anali atasamukira ku ma DVD, kupatula Ankolo Zulu, dalaivala wa basi wochokera ku Chipata. Musaganize kuti makinawo anawasungira maliro. Bambowa anali ndi nthenda ya mafilimu otchipa a ku Italy amene ankawatola m'makatoni pamsika, aja ongokopera mafilimu otchuka a ku America. Pachikuto pankakhala chimunthu cha minofu, mzinda ukuyaka kumbuyo kwake. Mkatimo nkhani inali imodzimodzi: dziko latha ndi mabomba, kwatsala anyamata ovala zikopa akulimbirana madzi ndi petulo m'dzenje lokumbamo miyala. Milomo inkapita kwake, mawu kwake. Galimoto ikaphulika koyambirira, unkaionanso ikuyenda bwinobwino kumapeto. Ife ana tinkafera pomwepo, pamene amayi ankati ndi zachikunja.

Mayi Gondwe, mkulu wa azimayi a kutchalitchi kwathu, anapemphera. Tinaimba nyimbo imodzi motsitsa poopa aneba. Kenako Ankolo Zulu anagwada patsogolo pa TV n'kukankhira tepi ija mkati.

Kunabwera mizere yoyera, phokoso ngati la mvula pamalata, kenako kulira kwa njinga zamoto. Anyamata ometa m'mbali, atamangirira zidutswa za matayala m'mapewa, anatulukira m'fumbi akukuwa. Ine ndinaganiza kuti Ankolo asokoneza matepi pamaso pa anthu onsewa. Iwo anaitulutsa msanga, n'kuitembenuza uku ndi uku. Dzina la agogo linalipo, lolembedwa ndi dzanja la amalume a kumudzi, koma pansi pake pankaoneka chipepala chakale cha nyumba ina yoonetsera vidiyo pamsika.

Akuluakulu anamvetsa ine ndisanamvetse. Kumudzi tepi yatsopano inali yodula, choncho wa kamera ankajambulira pa matepi akale a mafilimu. Mwina anayambira pakati osaibweza. Mwinanso anasokoneza n'kupereka tepi imene sanajambulirepo maliro n'komwe, koma zimenezo palibe anazitchula.

“Tangoithamangitsani, achimwene, tidutse zimenezi,” anatero Mayi Gondwe.

Ankolo anapukusa mutu. “Awe, amayi, iyi mashini ivuta. Nikachita fast forward izadya tepi. Yanidyela kale mafilimu yabili. Manje iyi tizaipeza kuti inangu?”

Onse anatembenukira kwa amayi, amene anakhala pansi pa kapeti ataongola miyendo.

“Isiyeni iziyenda,” anatero amayi.

Ndiye tinaonera. Anamwino, osamalira okalamba, mkulu wa mpingo ndi Baibulo lake pamwendo, tonse duu, maso ali pa bambo wandevu amene ankateteza thanki yomaliza ya madzi ndi uta wachitsulo. M'nyumba munkanunkha majekete onyowa ndi tiyi amene anazizirira m'makapu. Mawindo anachita thukuta. Pamene chidole chovala jekete chinaponyedwa kuphompho m'malo mwa munthu, kamnyamata kena kanaseka, mayi ake n'kukatsina ntchafu. Palibenso anatsokomola.

Ine filimuyo sindinkaiona bwino. Ndinkayang'ana manja a amayi, amene ankapota nsonga ya chitenje mpaka zala kuyera. Chithunzi chikada pang'ono posintha malo, anthu onse ankaweramira kutsogolo, kenako fumbi lija n'kubweranso, iwo n'kubwerera m'mbuyo. Zinachitika choncho kambirimbiri, ndipo ulendo uliwonse mapewa a amayi ankatsika.

Choipa n'chakuti ine mafilimuwa ndinkawadziwa mayendedwe ake. Nditaona adani onse akusonkhana pachipata cha mpanda wa malata, ndinadziwa kuti iyi ndi nkhondo yomaliza. Ikatha kubwera mayina, ndipo mayina akatha palibenso china. Ndinasendera kwa Ankolo n'kunong'ona, “Uncle, is it nearly finished?” Iwo anangogwedeza mutu osandiyang'ana, thukuta likutsika m'khosi. Ndinatsinzina n'kupempha Mulungu kuti wandevu uja asafulumire kupambana. Sindinapempherepo ndi mtima wonse ngati tsiku limenelo.

Mkulu wa adani anakweza nkhwangwa. Chithunzi chinang'ambika pakati, mawu n'kukokeka, ndipo mwadzidzidzi tinaona mtengo wa mango, dothi lofiira, ndi azimayi atakhala pansi akuimba. Kamera inkagwedera, mphepo ikuwomba m'mawu. Inadutsa pakati pa anthu, n'kulowa m'nyumba ya mdima, n'kuima pa bokosi lotsegula kumutu. Agogo anagona atavala tayi, nkhope yawo itachepa.

Amayi anakwawa ndi maondo mpaka pa TV. Anaika chikhatho pagalasi n'kunena motsitsa, “Ababa, ndabwera.” Kenako analira kulira kumene kunawakanika nthawi yonse ija, azimayi onse n'kuwalandira. Za aneba palibe anazikumbukanso. Inenso ndinalira, koma kunena zoona agogowo ndinkangowadziwira pazithunzi. Ndinkalira chifukwa amayi anga anali atabwerera.

Ankolo Zulu anatisiyira makinawo osawaitanitsanso. Tepi ikafika kumapeto makinawo ankaibweza okha mpaka koyambirira, ndipo amayi sanalole munthu aliyense kukhudza batani lothamangitsira.

Masiku ano maliro a kumudzi timaonera pafoni nthawi yomweyo akuchitika, wina ali m'basi, wina pa nthawi yopuma kuntchito, aliyense payekha. N'zosavuta, sindikana, ndipo palibe amadikira. Koma kwa zaka zingapo ine ndinkati ndikaweruka kusukulu, ndili pamasitepe, ndinkamva njinga zamoto zikulira m'nyumba mwathu. Ndikatsegula chitseko ndinkapeza amayi atakhala pa kapeti, yunifolomu asanavule, akuonera anyamata a zikopa aja moleza mtima, kudikira bambo awo.