Shati ya malemu pa siteji

Chaka chimene boma linanditumiza ku Feira kuchokera ku Chipata, nyumba za aphunzitsi zinali zodzaza. Mayi wina wamasiye, wogulitsa nsomba, anandipatsa chipinda. Ine ndinali wodana ndi phokoso, wotsuka kapu kawiri. Iye ankabwera kuchokera ku Zumbo, kutsidya kwa mtsinje, akuimba, matumba a nsomba zouma n'kuwaunjika pakhomo la chipinda changa, madiresi anga onse n'kumanunkha. Tinkakangana tsiku lililonse, komabe nditadwala malungo ndiye amene anandikweza pa njinga mpaka kuchipatala.

Amayi a kutchalitchi atafuna sewero loseketsa, ndinalemba za ife awiri. Ndinamuuza.

"Lembani, a titcha," anatero. "Koma musaiwale kapu yanu ija."

Kapu ndinaiikamo. Ndinaikamonso china. Mwamuna wake anamira pamene Luangwa amathira mu Zambezi, mtembo osapezeka. M'mawa uliwonse iye ankatulutsa shati ya malemuyo n'kumaiuza mmene nsomba zayendera ndi amene wamunyoza pamsika. Ndinkazimva ndili kuchipinda kwanga. Polemba, zinangondioneka zoseketsa.

Tsiku la sewerolo holo inadzaza. Ndinamanga chitenge ngati iye, ndinayenda ngati iye. Anali pabenchi yachiwiri, akuseka mpaka kupukuta misozi. Kenaka ndinanyamula shati n'kuifunsa kuti, "Nanga lero muli chete bwanji, bambo?" Anthu anafa ndi phwete, ena akumuloza. Iye anangoyang'ana pansi. Ndinamuona, koma ndinapitiriza mpaka kumapeto, chifukwa anthu anali kuwomba m'manja.

Kunyumba sanakalipe. Anandifunsa chabe kuti, "Munali kumvetsera masiku onsewa?"

Ndinapepesa. Anati palibe kanthu. Koma pamsika anthu anayamba kumufunsa ngati shati yadzuka bwino. Patapita milungu itatu anawolokera ku Zumbo kwa mng'ono wake, n'kundisiyira kiyi kuti ndizikhalabe.

Ndinamutsatira kamodzi pa bwato. Anandilandira ngati mlendo, anandiyalira mphasa, anandifunsa za kusukulu. Nditayamba kulira anadzuka kukatembenuza nsomba zimene anayanika padzuwa, ndipo sanabwerenso kudzakhala pansi.

Chaka chatha anamwalira komweko. Uthenga unandipeza ndili m'kalasi, atamuika kale. Ndinamaliza phunzirolo, kenaka ndinafunsa ofika ku Zumbo za kumene kuli manda ake. Palibe amene anandiuza bwinobwino.