Hadi Disiki Yaikulu ndi Nkhope ya Abambo

Kwathu ku Chiparamba amanditcha "wa kompyuta", ndipo dzinali linandilowa m'mutu. Chiswe chitadya theka la alubamu ya Amayi, ndinatenga zithunzi zotsala n'kukazilowetsa m'kompyuta ku kaofesi kanga kotaipira makalata ku Chipata. Zapepalazo zinali zitayamba kunyenyeka, ndiye ndinati aziwotche. Amayi anakayika, ine n'kuwaseka.

Chaka chimene Abambo anamwalira, kompyuta ija inadzaza. Ndinapita kukagula hadi disiki ina, kachipangizo kosungira zinthu m'kompyuta. Wogulitsa, mwamuna wofatsa wa magalasi, anaika ziwiri pa kauntala: yocheperako yatsopano ya m'bokosi, ndi yaikulu kwambiri yogwirapo kale ntchito, yosadziwika kumene inachokera.

"Mayi, tengani yatsopanoyi," anatero. "Ndipo yakale ya m'kompyuta mwanu ija musaifafanize. Chinthu chofunika chizikhala pawiri."

"Achimwene, makompyuta sindinayambe dzulo ine," ndinamuyankha.

Sindikonda kuphunzitsidwa ntchito yanga, makamaka pamaso pa anthu. Ndinatenga yaikuluyo, chifukwa maso anga anali pa kukula basi. Ndinasamutsiramo zonse, yakale ija n'kuifafaniza, n'kuiika m'kompyuta ina. Paja amati chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere.

Patapita miyezi, yaikulu ija inayamba kugogoda ngati msomali pa chitini. Apa ndiye pamene pamandiwawa mpaka lero: ndinaimva. Sabata yathunthu ndinaimva, koma ntchito inali yambiri, ndiye ndinkangokweza wailesi. Lolemba m'mawa kompyuta inakana kuyaka. Okonza awiri anayesa, onse anapukusa mutu. Zithunzi zonse zinapita. Sindinauze munthu aliyense kwathu.

Nthawi yomanga chiliza cha Abambo itakwana, Amayi anakwera minibasi kubwera ku ofesi. Ankafuna chithunzi choika pa masikipa oti abale avale pamwambo.

"Uike chija akuseka m'munda wa mtedza, atavala chipewa chong'ambika," anatero.

Ndinanama kuti chimenecho sichingatuluke bwino pa nsalu. Chotsala chinali chimodzi chokha, cha pa reji, chitupa chawo cha boma: mnyamata wa khosi lowonda, wotong'ola maso ngati wamuopseza wojambula. Ndinadinda chimenecho.

Tsiku la mwambo banja lonse linavala nkhope imeneyo. Adzukulu ankanong'onezana, kufunsana kuti ameneyu ndi ndani. Ine ndinkangotanganidwa ndi kugawa madzi kuti ndisakumanize maso ndi munthu. Manyazi anandigwira, ndipo ndinadzida.

Tikuchoka kumanda, Amayi anandigwira dzanja. Anayang'anitsitsa sikipa yanga kwa nthawi, kenako anamwetulira pang'ono.

"Uyu ndi mnyamata amene anadzandifunsira, wachita bwino," anatero. "Koma mwana wanga, ndikadzabwera ku tauni udzandionetseko mdala wanga uja pa kompyuta. Nkhope yake yayamba kundithawa."

"Chabwino, Amayi," ndinatero.

Akubwera Loweruka.