Dzina Lomwe Linatsala Kundagala

Ku koleji ya aphunzitsi ndinakhalako chaka chimodzi ndi miyezi itatu. Akuluakulu a sukuluyo amati anandichotsa. Ine ndimati tinasiyana maganizo pa nkhani ya masamu. Ndinabwerera kwathu kwa Nsamala ndi sutikesi, tayi, ndi Chingerezi chokwanira kuopsezera nkhuku. Chingerezi chomwecho chinandipezera ukalaliki pa kampu yokonza msewu wa boma kufupi ndi Nselema, m'masiku a chitaganya.

Anthu a pamsewu anali a tikiti. Ukagwira tsiku, kapitawo amachonga. Dzinja likafika amakuuza kuti ukaone kaye kumunda. Munthu ankatha kukalamba pa fosholo akadali wa tsiku limodzi. Onse ankaitanidwa ndi manambala, ndipo buku la mayina linkagona m'bokosi pamodzi ndi mphemvu.

Panali bambo wina, Myao, Msilamu, waimvi m'mbalimu, amene analowa ntchitoyo ali wamng'ono, asanapite ku jando. Ngalande zonse za msewuwo ankazidziwa ngati ana ake: iyi imakwiya Januwale, iyi imanama. Ine ankanditcha aphunzitsi, ndipo ankatero mwaulemu kwambiri moti ndinkasowa pokwiyira.

Kenaka kunabwera kalata. Okhalitsa onse alembedwe m'buku lalikulu: malipiro a pamwezi, yunifomu ya kaki, osachotsedwanso dzinja, ndi kangachepe pokalamba. Mzungu adzachokera ku boma, ndipo aliyense adzayankhe yekha dzina lake monga linalembedwera m'buku lakale.

Litatsala tsiku limodzi, kapitawo anandipeza ndikupukuta bukulo.

"Akalaliki, dzina lachisanu ndi chiwiri musalitchule."

"Lalakwa chiyani?"

"Ndi la paubwana. Analilembetsa mwiniwake asanavinidwe, ndipo analisiya kundagala, kumene anyamata amagona pa jando. Mkamwini wake ali m'gulu lomweli. Tchulani nambala, kapena muwauze bwanawo mmene zilili."

"Akapitawo, boma silinavinidwe. Limawerenga zolembedwa."

Nthabwalayo ndinaikonda kwambiri. Kapitawo anandiyang'ana tayi, nachoka.

Ndisaname kuti sindinkadziwa. Ine ndine Mkatolika, koma amalume anga awiri anapita ku jando. Ndinakula ndikudziwa kuti kumutchula munthu wovinidwa dzina la paubwana ndi kumuvula pagulu, ndipo iye akayankha ndiye kuti wavomera kuti akadali mwana. Ndinkafunadi kumufotokozera mzunguyo. Vuto linali limodzi: mawu a Chingerezi otanthauza jando ndinalibe. Ndagala ndiye ayi ndithu. Komanso atabwera ulendo wina m'mbuyomo ndinali nditamuuza mzungu yemweyo kuti ine ndi wa ku koleji, zakumudzi ndinazisiya kalekale.

M'mawa tinaika tebulo pansi pa mtengo wa mango. Mzungu anafika ali thukuta, akuyang'anayang'ana wotchi, kuopa kuti pantoni yoolotsa pamtsinje pa Liwonde imusiya. Anthu anaima pamzere. Amayi obweretsa chakudya anakhala cha pambali, ndipo mkazi wa bambo uja anali pomwepo.

Mayina asanu ndi limodzi anayenda bwino. Pa lachisanu ndi chiwiri kapitawo anatsokomola. Ndinatembenukira kwa mzungu, ndinatsegula pakamwa, ndipo ndinaona dzenje la m'Chingerezi changa likundidikira. Ndinadziona ndikuchita chibwibwi, ndikulozaloza ndi manja, anthu a fosholo akuonerera. Ndinabwerera m'buku. Ndinalitchula dzinalo ndi mawu amene anandiphunzitsa oimbira m'tchalitchi, omveka mpaka kumbuyo.

Palibe anayankha. Bambo uja ankayang'ana fosholo yake. Mkamwini wake anapeza chinthu chofunika kwambiri kutchire, nachiyang'anitsitsa. Mayi wina anadzitseka pakamwa ndi nsalu.

Mzungu anati ndibwereze. Ndinabwereza. Anati kachitatu. Ine pa zomvera ndinalibe vuto, ndinalitchulanso.

Kenaka mzungu anandifunsa ngati munthuyo alipo. Bamboyo anali ataima masitepe anayi kuchokera pa tebulo. Ndikanangoloza ndi chala, chala sichifuna Chingerezi. Koma kuloza kukanabala funso lakuti bwanji sakuyankha, ndipo funsolo likanandibwezera kudzenje kuja. Ndinayankha kuti palibe. Anali mawu amodzi okha a Chingerezi, ndipo ndiyenera kunena kuti ndinawatchula bwino kwambiri. Mzungu anajambula mzere pa dzinalo, nati tipitirire.

Pantoni anaipeza.

Sabata yomweyo ndinabwereka dikishonale kwa katekisiti, ndipo ndinalemba kalata ya masamba atatu yofotokoza zonse. Chingerezi chimene chinasowa pansi pa mango chinabwera chonse ndi abale ake. Yankho linali la mizere iwiri: buku latsekedwa. Mkamwini uja, amene bamboyo anamuphunzitsa yekha kagwiridwe ka piki, anavala kaki. Ankaivala mozemba, akadutsa pafupi ndi apongozi ake ankachita ngati yamuthina.

Mvula itayamba, a tikiti anauzidwa kuti akaone kaye kumunda. Wolandira zida anali ine. Bambo uja anabwera ndi fosholo yake atatsuka, naiimika pakhoma bwinobwino.

"Ambuje," ndinatero, "mukanangokweza dzanja basi."

"Aphunzitsi, munaitana ndani?"

"Inuyo."

"Iyayi. Munaitana mwana. Mwana ameneyo sanabwereko kuchokera kundagala. Ndikanamuyankhira, mkamwini wanga akanandigwadira bwanji? Akanagwadira mwana?"

Ndinayamba kunena za kalata ya masamba atatu. Anamvetsera mpaka kumapeto, akugwedeza mutu ngati ndikumuuza za mbewu ya kudziko lina.

"Mwavutika," anatero. "Koma dzinalo munalitchula bwino. Amayi anga okha ndiwo ankalitchula choncho. Ku koleji munaphunziradi."

Ndinayang'ana kumaso kwake kufuna kuona ngati akundinyoza, kuti mwina ndipepukidwe. Sankandinyoza. Anandiuza kuti ngalande ya pafupi ndi mlatho wa mitengo aichotse zinyalala Januwale asanafike, natsanzika.

Chilimwe chotsatira sanabwerenso. Anamva kuti tikiti tsopano akupereka kwa amphamvu okha, ndipo sanafune kukapempha pamaso pa mkamwini wovala kaki. Ndinamuonanso kamodzi pa msika wa Nselema akugulitsa mikeka. Anandiona patali, naimirira, nandikwezera dzanja. Dzanja lomwe lija. Ine ndinawerama pa mulu wa usipa, ndikuufufuza mozama ngati munthu wotumidwa ndi boma, mpaka wogulitsayo anandifunsa ngati ndatayamo china.

Zambiri ndaiwala. Masamu ndinaiwala ndisanawadziwe, nkhope ya mzungu uja inafufutika, tayi inadyedwa ndi chiswe. Dzina lachisanu ndi chiwiri lokha ndi limene latsala, chilembo ndi chilembo. Ndinalitchula katatu tsiku limodzi, ndipo sindinalitchulenso. Pano sindililemba.