Misozi ya Mnansi wa Mayi Salali

Mzungu woyandikana ndi Mayi Salali, kuno ku Georgia, adali wachikondi zedi. M'mawa uliwonse amapereka moni chipewa chili m'manja, maso ali pamunda wawo. "Ife ndi inu Acherokee ndife amodzi," amatero, pakamwa patadzaza chimanga chawo chophikira phulusa.

Tsiku limene asilikali adabwera ndi mfuti kudzasamutsa mtundu wonse wa Acherokee, mzunguyo adalira kuposa namfedwa, ataima kale m'mundamo.

"Mayi, mukundisiya wamasiye! Koma musanapite, chimanga chija mumathira phulusa lochuluka bwanji kuti chifewe?"

Mayi Salali adasenza mtolo wawo, nayang'ana utsi ukufuka pa nyumba za abale awo zimene asilikali ankatentha.

"Thirani mosaumira, achimwene. Anzanuwo akukukonzerani lokwanira chaka chonse."