Waya Wobiriwira wa a Mbaraka

Mukadutsa ku Marlboro, ku Joni kuja, pafupi ndi pomwe matakisi a ku Alex amakhotera, mudzaona bambo wamfupi wa chipewa choyera, mutu uli m'boneti, akukalipira mawaya ngati ana osamva. Amenewo ndi a Mbaraka, a kwa Ntaja ku Machinga. Pamsewupo sanayambire pomwepo ayi. Kale anali katswiri wa zamagetsi pa yadi ina yobwereketsa akatapila, ndipo dzina lawo linkamveka.

Ukali wawo unkamvekanso. Ukawafunsa funso, ankayamba akuyang'ana kuchokera kuphazi mpaka kumutu, kenako n'kukufunsa ngati kwanu kunalibe sukulu.

Pa yadipo panali lamulo losalembedwa: ukabweretsa munthu wakwanu, zolakwa zake n'zako. A Mbaraka anabweretsa mlamu wawo Suwedi, mchimwene wa akazi awo a Munira. Anamupatsa pogona kwawo ku Bertrams, namupezera ntchito yoyendetsa katapila wokumba maenje.

Sipanatenge nthawi, katapilayo anayamba misala. Ali mkati mokumba, mkono wake wokumbira unkangouma m'malere, injini n'kufooka, pagalasi la kutsogolo kwa dalaivala n'kulemba kuti makompyuta sakumvana. Makina amasiku anowa ali ndi kompyuta ya injini, ina ya mkono, ina ya galasilo, ndipo zonse zimayankhulana kudzera m'mawaya awiri opotana, wachikasu ndi wobiriwira. Zikasiya kumvana, chimakina chonsecho chimasanduka chitsa.

Chowawa n'chakuti a Mbaraka akangofika, Suwedi n'kutsika kuti awapatse malo, katapila ankachira. Ayeze ndi mita yoyezera magetsi, zonse bwino. Akoke mapulagi, apukute, ayang'ane mafyuzi, palibe kanthu. Akangotembenuka, foni n'kulira: katapila waimanso.

“Chimenechi chikundiyesa chidole!” ankatero, akumenya chitsulo ndi chikhatho. “Ine ndakonza makina Suwedi asanamere ndevu!”

Chifukwa cha mkwiyo ndi manyazi, anauza mwini yadi kuti kompyuta ya injini yafa. Bwanayo anagula ina, yodula koopsa. Anaimanga, ndipo tsiku lomwelo masana katapila anaumanso pakati pa ngalande ku Rosebank, malole atandandalika kudikira dothi.

“Wena, iwe Mbaraka,” anatero bwana pa foni, “ukabwera kuno usanapeze vuto, ungotenga zida zako uzipita.”

Ulendo uno a Mbaraka sanalole kuti Suwedi atsike. “Khala pomwepo! Usakhudze kanthu! Manja m'mwamba ngati wagwidwa ndi apolisi!”

Anakwera, nadzipanikiza kuseri kwa mpando, thukuta lili kamukamu. Anaika mita pa mawaya awiri aja, ndipo kwa nthawi yoyamba manambala anaonetsa zachilendo. Apo m'pamene anamva kanyimbo ka kwawo kakulira pansipansi. Foni ya Suwedi inali m'thumba la pampando, ili pa chaja. Anatsata chingwe cha chajayo ndi chala mpaka pansi pa kapeti, napeza kachilonda: waya wobiriwira atasendedwa, kawaya kena katalumikizidwa, n'kumatidwa bwinobwino ndi tepi wakuda.

Anazula foni. Galasi linayera, injini inabangula. Anaibwezera. Mkono unauma.

Ndiye kuti nthawi zonse zija Suwedi ankatsika ndi foni yake m'manja, matenda n'kutsika naye limodzi.

“Iwe! Ichi n'chiyani?”

“Ndi chaja, alamu. Ku Bertrams magetsi amangozimazima, inu mukudziwa.”

“Ndikufunsa waya uyu! Anakuuza ndani kuti umukhudze?”

“Si ethi ameneyo, waya wotayira magetsi pansi uja? Ine ku Liwonde ndinkathandiza kuika magetsi m'nyumba. Wobiriwira ndi ethi, aliyense amadziwa.”

“M'nyumba! Ichi ndi nyumba? Ukuona khonde apa? Ukuona nkhuku? Waya ameneyu ndi lilime la makinawa, iwe wamangirirapo foni yako kuti uzimvera nyimbo! Ine ndapangitsa bwana kugula kompyuta ina, yakale ili yabwinobwino, anthu akundiseka yadi yonse, iwe uli phee ngati mwana wakhanda!”

Suwedi anayang'ana pansi, koma mawu anatuluka. “Ndinakuuzani sabata yoyamba kuti soketi ya m'katapilamu ndi yakufa. Munati chiyani? Munati, ‘Ndine wokonza mafoni ine?’ Anthu onse anaseka. Ndiye ndikanabweranso kudzafunsa za waya? Wallahi alamu, kufunsa inu kuli ngati kugwira moto.”

A Mbaraka anatola mapulayala. Anadula kawaya kaja, nalumikiza wobiriwira mmene anayenera kukhalira, nakonza soketi ija. Inali fyuzi chabe. Ntchito yosatha ngakhale nthawi yomwera tiyi. Zimenezo n'zimene zinawapsetsa mtima koposa.

Ku yadi bwana anawadikira pakhomo la ofesi. “Chinali chiyani?”

“Khoswe, bwana. Anatafuna waya.”

Bwanayo anatambasula dzanja, ndipo a Mbaraka, posazolowera kunama, anangopereka kawaya kaja. Bwana anakatembenuza, tepi akadali pomwepo.

“Eish, madala. Makoswe a ku Malawi amadziwa kumata tepi?” Sanaseke. “Ndikudziwa amene amakhala m'katapilamo, ndikudziwanso amene anamubweretsa. Kompyuta ndagula pachabe. Mmodzi achoke lero. Sankha wekha.”

A Mbaraka anayang'ana kugeti. Suwedi anali ataima pamenepo, chipewa chili m'manja. Munthu wongodziwa katapila mmodzi yekhayo, ana atatu ku Ntaja, Chizulu sachidziwa n'komwe. Akachotsedwa, adzangokhala pakhomo pawo ku Bertrams, a Munira akuwayang'ana ndi diso lija. Koma iwo, mita ili m'manja, Joni yonse ndi mawaya okhaokha.

Analowa m'shedi, natola mita, mapulayala ndi kathumba ka mafyuzi. Podutsa pageti sanaime.

“Alamu...” anayamba Suwedi.

“Khala chete! Ukadzangokhudzanso waya, ngakhale woyanikira zovala, ndidzakukweza basi ndekha mpaka pa Mwanza!”

Mpaka lero amagona nyumba imodzi. Suwedi akuyendetsabe katapila uja, ndipo makinawo sanaimenso. A Mbaraka ali pamsewu paja, dzuwa ndi fumbi zili pamutu, akukonza magetsi a matakisi. Ukali sunathe, musanamizidwe. Koma dalaivala akabwera n'kunena kuti soketi ya chaja yafa, amasiya chilichonse chimene agwira, n'kuyamba ndi imeneyo, akutukwana.