Tsiku limene ndinachapa malaya

Pho! Pho! Ndikamva mpira wa tenisi ukugunda, mtima umabwerera kukomboni ya pamgodi ku Shabani. Amalume Jailosi ankasalaza bwalo la azungu ndi dothi la pachulu. Akaweruka, tinkamenya mpira wakutha ndi matabwa, iwo n'kumanditcha mnzawo wosewera naye awiriawiri.

Amalume atauza agogo, amene ankandilera makolo atamwalira, kuti akupita ku Joni kumene akuda ankapikisana pa tenisi, ndinathamanga kukachapa malaya anga. Akanapita bwanji popanda mnzawo?

"Iwe, malayawo ngakuti?" anafunsa agogo.

"Ndikupita ndi amalume."

Amalume anaseka osandiyang'ana. Lero ndikudziwa kuti ankabisa misozi. Anandipatsa chomenyera chenicheni, choduka zingwe ziwiri.

"Uzimenya pakhoma, mfana."

Ananyamula sutikesi, nalowera kusiteshoni.